Msonga Wosafolera wa Tchalitchi cha Hatulesi

Mawu a Aphunzitsi Bastiao Lesilolo, mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira tchalitchi chatsopano m'mudzi wa Hatulesi, pa chilumba china cha kufupi ndi Amboni, kutali kum'mawa kwa nyanja ya Amwenye, m'chaka cha 1657.

Olemekezeka Raja Anthoni Titaheru, mwini mudzi uno, amene agogo anu ndinawagwadira, abambo anu ndinawalangiza, ndipo inuyo ndinakuphunzitsani kugwira cholembera. Olemekezeka Abusa Braam, amene mwawoloka nyanja zazikulu kudzaweta nkhosa zimene simunaziwonepo. Olemekezeka Bambo Jansz, amene mwakhala pampando umenewo m'malo mwa Bwanamkubwa wa ku linga la azungu a ku Holandi. Olemekezeka akulu a mabanja asanu ndi awiri a mudzi uno, aliyense monga mwa mpando wake. Akulu a mpingo. Amisiri amene manja anu akadali ndi matuza. Amayi amene kwa zaka ziwiri mwasenza miyala ya m'nyanja ndi kutentha njereza. Abale ndi alongo nonse, ndakulonjerani. Ndilonjerenso mphasa zitatu zimene zayalidwa kudzanja langa lamanjali, zimene palibe wakhalapo. Mwambo umati abale athu a ku Waelatu azitchulidwa alendo asanatchulidwe. Ine ndawatchula pomaliza, chifukwa sindikudziwa ngati pakamwa panga pakadali poyenera kutchula dzina lawo.

Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Ndikudziwa kuti simunandisankhe chifukwa cha nzeru, koma chifukwa cha zaka, pakuti mwa anthu onse amoyo ndatsala ndekha amene ndinapempherapo m'matchalitchi onse atatu amene aima pamalo pano. Choyamba chinali cha nsungwi, ndipo chinatenthedwa ndi mabwato a nkhondo a kumpoto ine ndili wamng'ono. Chachiwiri chinali cha matabwa, ndipo chinagwa ndi chivomerezi chimene nonse mukuchikumbukira. Chachitatu ndi chino, cha miyala, choyera ngati mkati mwa chigoba, chokhala ndi belu limene lidzamveka mpaka kwa asodzi a kuseri kwa mwala. Amisiri, mwagwira ntchito. Amayi, Mulungu akubwezereni mphamvu m'misana yanu.

Koma chilowereni muno ndawona kuti palibe amene akuyang'ana zipupa, ndipo palibe amene akuyang'ana ine. Nonse mukuba maso kuyang'ana kumwamba, kumene msonga wa denga wasiyidwa wosafolera kuyambira pakhomo mpaka paguwa, moti dzuwa lalemba mzere pansi pakati pa amuna ndi akazi. Dzulo a Raja anandiyendera kunyumba, nandipempha mwaulemu kuti ndidzanene kuti masamba ofolera a mgwalangwa wa sago anaperewera, ndi kuti amisiri athu adzatseka mpatawo mawa. Raja, mundikhululukire. Theka la anthu ali munowa ndinawakwapula chifukwa cha bodza, ndipo inu ndinakukwapulani kawiri. Masamba sanaperewere. Ali kuseri kwa tchalitchi chino, mitolo khumi ndi iwiri, osokedwa bwino. Chifukwa chimene sali padenga ndicho ndaimirira pano kuti ndinene.

Abusa Braam, mwakhala nafe miyezi isanu ndi itatu yokha, choncho mundilole ndinene zimene ena onse akuzidziwa. Makolo athu, kale mtanda usanafike kuno ndiponso mzikiti usanamangidwe kutsidya, anagubuduka ndi bwato pafupi ndi gombe la Waelatu, ndipo eni gombelo anawavuula. Pamenepo anathira madontho a magazi awo mu uchema, naviikamo nsonga ya mkondo, namwa, nalumbira kuti midzi iwiriyi idzakhala pela mpaka nyanja idzaume. Pela ndi m'bale woposa wa bere limodzi. Mwana wa pela sitimukwatira. Nyumba yathu yopemphereramo, msonga wake amafolera ndi iwo, ndipo mzikiti wawo msonga wake timafolera ndife. Ndipo lamulo lalikulu koposa ndi ili: munthu akaima pamaso pa pela wake nanena kuti, “Ndapempha monga pela,” chimene wapemphacho sichikanidwa, kaya ndi nthochi, kaya ndi bwato, kaya ndi mpunga womaliza wa m'nyumba. Wokana, nyanja imamumeza pamodzi ndi ana ake. Ndikudziwa kuti m'mabuku anu zimenezi n'zachikunja. Inenso ndaphunzitsa mabukuwo zaka makumi anayi, koma sindinawonepo munthu wa mudzi uno wolimba mtima mpaka kuyesa ngati nyanja inaiwala.

Ku Waelatu kuli nkhalamba dzina lake Talibu, wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu. Tinadziwana tili padenga, iye akufolera tchalitchi chathu chachiwiri, ine ndikumupatsira masamba. Chaka chimene zombo za ku Holandi zinathamangitsa Apwitikizi, ine ndili ndi zaka makumi awiri, kunabwera lamulo lakuti ziboliboli zonse zituluke m'tchalitchi, zithunzi za m'zipupa zipakidwe njereza, ndi mapemphero a Chilatini aleke. Talibu anandipeza nditasenza chiboliboli cha Maria paphewa.

“Iwe Bastiao,” anatero, “mayi amene umamuyatsira kandulo uja walakwanji kuti umutulutse panja ngati wakuba?”

“Achimwene, akuti tinkalakwitsa.”

“Akutero ndani?”

“Azungu.”

“Nanga anakupatsa mayiyo ndani?”

“Azungu.”

“Ndiye usafulumire ndi njerezayo, mphwanga. Dikira kaye azungu achitatu.”

Mwaseka, ndipo nanenso ndinaseka tsiku limenelo. Koma kukonzanso chipembedzo sikunagwere ife tokha. Kwa iwonso kunafika mphunzitsi wochokera kutali kumadzulo, wa nduwira yoyera, amene anawauza kuti lumbiro la magazi ndi lonyansa, ndi kuti Msilamu weniweni sakwera padenga la Akhristu. Talibu anamumvetsera mpaka anamaliza, ndiye anati, “Bambo, werengani buku lanulo mpaka kumapeto. Mukapezamo tsamba loletsa munthu kuteteza mnzake ku mvula, mudzandiwonetse, ndidzatsika.” Motero aphunzitsi a mbali zonse ziwiri anayesa kudula chingwe chimenechi ndi mipeni yawo, ndipo chinakana kuduka. Amene anachiwononga si mlendo ayi. Ndine, amene ndinkachilemekeza kuposa onse.

Ndili pasukulu ya ansembe, Bambo Lorenso, wansembe wa Chipwitikizi, anatenga lalanje, nalemba ndi munga njira imene zombo za kwawo zimayenda: kutsika m'mbali mwa dziko lalitali, kukhota pansi pake, kuwoloka nyanja ya Amwenye, kudutsa doko la Malaka, mpaka kufika pa kadontho kamene anati ndife. Anati mafumu aakulu agawana lalanjeli pakati ngati ana, amalinyero afa m'njira ngati ntchentche, ndipo zonsezi n'chifukwa cha kaduwa kouma ka kalafuu, konunkhiritsa chakudya, kamene amayi athu amayanika pamphasa. Ndinanyada tsiku limenelo, abale anga. Ndinaganiza kuti Mulungu anatikonda potipatsa mtengo umene dziko lonse likuufuna. Ndinali ndisanadziwe kuti mtengo wobala ndiwo umagendedwa. Mafumu a kumpoto anabwera, napita. Apwitikizi anabwera, napita. Aliyense anafika ndi mbendera yake ndi pemphero lake, ndipo aliyense, asanafunse dzina la mudzi, anayamba wanunkhiza mphepo.

Zaka zinayi zapitazo linatuluka lamulo la ku linga, lakuti kalafuu azimera pokhapo pamene eni linga alola, ndi kuti mitengo ya gombe la kutsidya idulidwe. Bambo Jansz, sindikuulula chinsinsi, pakuti lamulolo ndinalimasulira ndine pabwalo la mudzi uno. Amuna athu anatengedwa kukapalasa mabwato a nkhondo, monga amatengedwa chaka ndi chaka, ndipo ine, wokalamba kale, ndinatengedwa ngati womasulira. Mudzi woyamba umene tinafikako unakana. Pofika madzulo kunalibe mudzi. Ena mwa inu munaliko, ndipo ndikuwona kuti mwaweramitsa mitu. Wotsatira unali Waelatu.

M'mawa mwake ndinapita kwa mkulu wa asilikali, ndinamupempha kuti mizinga isalire mpaka dzuwa lifike pamutu. Ndinali ndi nzeru imene ndinaiyesa yochokera kwa Mulungu. Ndinakwera ndekha phiri limene panali mudziwo, asilikali ndi amuna athu akutsatira chapatali, ndipo ndinapeza mpanda wotseka, achinyamata ali pamwamba ndi mikondo, Talibu ali pakati pawo ndi mfuti yakale ya Apwitikizi.

“Bastiao,” anandiitana, “wakalamba moti sungagwire nkhafi, ndiye azungu akungokunyamula ngati thumba la ufa wa sago?”

“Achimwene, tsegulani chipata.”

“Kwa iwe chipata sichinatsekedwepo. Koma awo ali kumbuyo kwakowo, a zisoti zachitsulowo, ndi apela a ndani?”

“Ndabwera kudzapempha.”

“Pempha, mphwanga. Ukufuna mbuzi? Ukufuna bwato? Nkhumba zokha ndiye tilibe.”

Achinyamata aja anaseka. Ine ndinavula chipewa, ndinaima chilili monga mwambo ufunira, ndipo ndinati, “Ndapempha monga pela. Ndipatseni mitengo yanu ya kalafuu.”

“Ingati?”

“Yonse.”

Abale anga, ndamvapo mizinga, ndamvapo chivomerezi, koma sindinamvepo phokoso loopsa ngati bata limene linagwa pampanda paja. Kenaka Talibu anati, “Unenenso kachiwiri, mokweza, kuti ana awa amve, asadzanene kuti Talibu anaopa.” Ndinanenanso. Anatsitsa mfuti. Mmodzi wa adzukulu ake anandiloza ndi mkondo, nalira kuti bola afe akumenya nkhondo, koma iye anamugwira dzanja nati, “Mzungu tikanamukana. Uyu sitingamukane.” Ndipo anatsegula chipata ndi manja ake.

Asilikali anali ochepa, choncho nkhwangwa zinapatsidwa kwa ife. Tinadula masiku asanu ndi anayi. Inu mukudziwa, koma Abusa sakudziwa, kuti kuno mwana akabadwa amamudzalira mtengo wake wa kalafuu, ndipo mtengowo umatchedwa dzina la mwanayo. Talibu sanabisale m'nyumba. Anandigwira pamkono, nandiyendetsa m'munda ngati mlendo amene akumuwonetsa banja.

“Uyu ndi Ramla, mwana wanga woyamba. Uyu ndi malemu mayi ake. Uyu ukumudziwa, unadzala ndiwe, tsiku limene anabadwa mdzukulu wanga uja amafuna kukubaya m'mawa uja. Uyambire pamenepa. Dzenje unakumba wekha, ukudziwa kumene mizu inalowera.”

Tinawotcha mitengoyo, ndipo pobwerera fungo lake linatitsata panyanja masiku awiri. Komabe, ndivomereze pamaso pa guwa ili, ndinabwerera ndikudzitama. Palibe munthu mmodzi amene anafa ku Waelatu. Mkulu wa asilikali anandigwira chanza, ndipo mumtima ndinati, Bastiao, wapulumutsa mudzi ndi mawu atatu. Sindinaganize kuti munthu ukhoza kumusiyira mpweya koma n'kumulanda chifukwa chopumira. Chaka chotsatira eni linga anawatsitsa kuphiri n'kuwakhazika pagombe lamatope, pamene mizinga ingawawone bwino. Anthu a mitengo anauzidwa kuti akhale anthu a ukonde. Malungo anachita zimene mizinga sinachite. Pa nyumba makumi asanu ndi anayi, lero utsi ukutuluka m'nyumba makumi awiri. Otsala a mudzi umene unatenthedwa uja ali nacho chouza ana awo, amati tinamenya nkhondo, tinagonja. A ku Waelatu adzawauza chiyani ana awo? Adzati m'bale wathu anapempha, tinapereka.

Zipupa zino zitatha, a Raja anatumiza amithenga kawiri kukaitana apela kuti adzafolere msonga, ndipo kawiri konse amithenga anadyetsedwa bwino, nabwezedwa opanda yankho. Mwezi watha ndinapita ndekha. Ndinamupeza Talibu atakhala pagombe, maso atachita khungu, akusoka masamba a sago ndi zala zokha, mitolo itaunjikana pambali pake. Ndinakondwa ngati mwana.

“Achimwene, ndine Bastiao.”

“Ndakumvani mayendedwe. Khalani pansi, aphunzitsi.”

Zaka makumi asanu anali asananditchulepo aphunzitsi. Kukanakhala bwino akanandimenya.

“Masamba awa ndi anu,” anatero. “Tasoka tonse, ndi akazi omwe, chifukwa lamulo limati tisoke, ndipo a Waelatu sanaphwanyepo lamulo. Inu ndinu mboni.”

“Ndiye mudzabwera kudzafolera?”

“Musathamange. Mwakhala ndi azungu nthawi yaitali, mwayamba kufunsa musanamwe madzi.” Anaitanitsa madzi, ndinamwa. Kenaka nkhalamba ija inagwira ndodo, inadzuka movutika, inaima chilili pamaso panga. Ndinadziwa chimene chikubwera, ndipo nanenso ndinaima.

“Ndapempha monga pela,” anatero. “Msonga wa tchalitchi chanu usafoleredwe, kaya ndi ife, kaya ndi inu, kaya ndi mzungu.”

“Mpaka liti, achimwene?”

“Mpaka kalafuu adzachite maluwa ku Waelatu.”

Ndinati, “Achimwene, mvula ya kwathu mukuidziwa. Muli ana ndi okalamba. Mabuku adzawola.”

Iye anaseka pang'ono, kuseka kwake kwakale kuja, ndipo kwa kanthawi kochepa anabwerera kukhala mkulu wanga. “Iwe Bastiao, sindikufuna kuti mufe. Nawenso sunkafuna kuti tife, si choncho? Ndikungofuna kuti mukamapemphera, Mulungu azikuwonani bwinobwino. Tenga masambawa ukasunge. Akawola unditumizire mawu, tidzasoka ena.”

Ndikumva kung'ung'udza kumbuyoko, ndipo ndikudziwa chimene mukunena, pakuti akulu ena anandiuza kale kuseri. Mukuti bwanji osabwerera kukapempha monga pela kuti abweze pempho lawolo, popeza nafenso sangatikanize? N'zoona, sangatikanize. Adzabwera, akhungu ndi odwala malungo omwe, adzakwera padenga ili, adzafolera, adzatsika osalankhula, ndipo tidzakhala titawabera kachiwiri ndi mpeni womwewo. Ine mawu amenewo ndinawanena kamodzi pa moyo wanga, ndipo mwawona chimene anabala. Amene akufuna kukawanena apite, bwato langa lili pagombe. Koma ayambe waimirira pano kuti timuwone nkhope.

Palibe waimirira. Ndathokoza.

Abusa Braam, ndikuwona kuti nkhope yanu yafiira. Muli ndi mphamvu yolembera kalata ku linga, ndipo Bambo Jansz ali ndi mphamvu yotumiza asilikali ndi makwerero. Ntchitoyo ndi ya tsiku limodzi. Ine ndilibe mphamvu yokuletsani. Ndingokuuzani monga wokalamba kuti denga limenelo likatsekedwa motero, mudzalalikira mabenchi, chifukwa palibe mayi wa Hatulesi amene adzalowetse mwana wake m'nyumba yomangidwa pa pempho lokanidwa, pomwe mwamuna wake amadya za m'nyanja. Ndipo inu Bambo Jansz, simuyenera kundiuza kuti lamulo silola ngakhale mbande imodzi kumera kutsidya, kapena kuti kalafuu amatha zaka zambiri asanachite maluwa. Ndikudziwa. Talibu akudziwanso. Iye sadzawawona maluwawo, ine sindidzawawona, ndipo ndikayang'ana makanda ali m'manja mwa amayi awo muno, sindingathe kuwalonjeza kuti iwo adzawawona. Ndawona maufumu atatu akusinthana mbendera padoko lathu, ndipo palibe umene unachoka utadzala mtengo.

Mlendo wolemekezeka amayenera kusiyira achinyamata malangizo. Ine ndafufuza m'thumba langa, ndapeza kuti zambiri zimene ndinakuphunzitsani sizinandithandize pa tsiku limene ndinazifuna. Ndinadziwa Chilatini, ndinadziwa Chipwitikizi, ndinadziwa katekisimu wakale ndi watsopano, ndipo nzeru zonsezo zinangondithandiza kupeza khomo limene mizinga sikanalipeza. Chimene ndatsala nacho n'chimodzi: wamphamvu akadzakufunsani kuti m'bale wanu amafewa pati, mudzakhale opusa. Mudzati simukudziwa. Kupusa kumeneko n'kwabwino kuposa sukulu yanga yonse.

Ndili ndi pempho limodzi kwa akulu a mpingo, ndipo sindikupempha monga pela, choncho mukhoza kukana. Mwandikonzera mpando wa ulemu pafupi ndi guwa, pamalo ouma. Muuchotse pamenepo, muuike pakati, pamzere wa dzuwawo. Mabuku muwasunge m'bokosi, ana ndi odwala muwakhazike m'mbali mwa zipupa. Mphasa zitatuzi musazipinde. Zizikhala zoyala Lamulungu lililonse, ndipo zikawola muziluka zina.

Ndikuwona kudzera pampatawo kuti mitambo yayamba kusonkhana kuchokera kum'mawa, ndipo sindifuna kuti nyimbo yoyamba ichedwe chifukwa cha nkhalamba. Choncho, olemekezeka Raja, olemekezeka Abusa, olemekezeka woimira Bwanamkubwa, akulu a mabanja ndi mpingo wonse, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti tchalitchi cha Hatulesi chatsegulidwa tsopano. Chitseko tatsegula ndife. Kumwambako atsegula ndi abale athu, ndipo adzatseka ndi iwo okha.

Musawombe m'manja. Imbani belu, mwina mphepo ilifikitsa kutsidya.

Zikomo kwambiri.